Chala cha a Malizani

Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti mwana wawo Atikonda akwatiwe, a Malizani anatsika pa njinga yamoto ya kabaza kutsogolo kwa golosale ya a Shaibu pa Ligowe, phazi lakumanja litakulungidwa bandeji mpaka kukula ngati papaya. Anabwera ndi zofuna ziwiri: kuti a Shaibu avomere kuti makina awo otchetchera udzu ndi amene analakwa, komanso kuti awabwerekenso makina omwewo.

Nkhani yake inali yotere. Madyerero a ukwati anayenera kuchitikira pabwalo la kuseri kwa tchalitchi. Achinyamata a kwaya anali atadutsamo kale ndi zikwakwa, koma a Malizani atapita kukaona anati bwalo likuoneka ngati mutu wometedwa ndi sizasi yobuntha, ndipo alendo a ku Blantyre sangakhale pamalo otero. Anapita kwa a Shaibu, mnzawo wa kuyambira ku pulayimale, amenenso ndi munthu yekhayo pa Ligowe wokhala ndi makina a petulo otchetchera udzu. Lachiwiri anawatenga makinawo. Lachitatu m'mawa anatchetcha theka la bwalo ndi nsonga ya chala chawo chachikulu cha kuphazi.

Kuchipatala anawasoka, n'kuwauza kuti achita mwayi. Koma pakamwa pa akazi awo, a Stelia, panalibe woti asoke. Pofika masana, amayi onse a pamjigo anali atamva kuti bambo anadzipweteka okha. Izi n'zimene zinkawawa kuposa chalacho. A Malizani ndi mkulu wa mpingo, ndipo anali atauza kale komiti ya ukwati kuti makinawo anachita kuwadumphira. Tsopano ankafuna mwini makina akanene zomwezo ndi pakamwa pake.

Vuto linali mwini makinayo. A Shaibu ndi munthu amene mukamufunsa ngati ali ndi sopo amayankha kuti eya, n'kukhala phee kudikira funso lina. Sachitira dala. Mawu amawalandira mmene abwerera, osawonjezera, osachotsera.

A Malizani anawapeza akusanja mitanda ya sopo pashelefu. Anapatsana moni, n'kufunsana za kunyumba, za a Hadija akazi awo a Shaibu, za a Stelia, ngakhale za mbuzi. Kenako a Malizani anatsamira kauntala.

"Ndabwera ndi nkhani ya chala."

A Shaibu anayang'ana dzanja limene linagwira ndodo, kenako linzake.

"Zonse zilipo."

"Cha kuphazi."

A Shaibu anasuzumira kuseri kwa kauntala n'kuliona phazi lija.

"Chili mkatimo?"

"Chambiri chilimo."

"Chinacho chili kuti?"

"Kafunseni makina anu."

"Sayankhula," anatero a Shaibu. Analiyang'ananso phazilo kwa kanthawi, n'kupukusa mutu. "Pepani, achimwene."

A Malizani mtima unakhala pansi. Panjira yonse anali akukonza mawu okamba, ndipo sanayembekezere kuti nkhani itha msanga chonchi. Anathokoza mnzawoyo chifukwa cha kudzichepetsa, n'kunena kuti chatsala n'chakuti madzulo apite limodzi kukomiti akabwereze mawu omwewo. A Shaibu anafunsa kuti mawu ati. A Malizani anati opepesa aja. A Shaibu anafotokoza kuti mwezi watha anauzanso mayi wina kuti pepani nkhuku zake zitafa ndi chitopa, koma nkhukuzo sanaphe ndi iwo, ndipo panalibe komiti imene inawaitana.

"Si pepani ameneyo," anatero a Malizani.

"Alipo angati?"

"Awiri. Pali wa pamaliro, pali wa pamlandu."

"Mawu ake amasiyana?"

"Ndi amodzimodzi."

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti wanga ndi wa pamaliro?"

"Nkhope yanu."

"Nkhope ndi yomweyi. Ndilibe ina."

Phazi linayamba kugunda ngati lili ndi mtima wakewake. A Shaibu anatulutsa benchi pakhonde, n'kuikanso kreti yopanda mabotolo kuti mnzawoyo asanjikepo mwendo. Anakhala moyandikana, akuyang'ana msewu. A Malizani anaona kuti ndi bwino ayambire pachiyambi, kuti munthuyu amve mmene zinthu zinayendera.

Anafotokoza mofatsa, ndi mawu amene amagwiritsa ntchito powerenga zolengeza kutchalitchi. Anati iwo anafika pabwalo mwamtendere, osayambana ndi munthu. Analiza makina, makina analira. Anayenda nawo bwinobwino uku ndi uku, ngati anthu ogwirizana. Koma atafika pamtsetse paja pamene bwalo limatsikira kuchimbudzi cha amayi, makina anasintha mtima.

"Anandiluma."

"Alibe mano. Ali ndi mpeni umodzi pansi."

"Ndikunena kuti ananditsatira."

"Inu munali kutsogolo?"

"Kumbuyo, pa chogwirira."

"Ndiye amene ankatsatira mnzake ndi inu."

"Anabwerera m'mbuyo."

"Alibe giya. Ukawakankha amapita, ukawakoka amabwera."

"Anabwera."

"Munawakoka?"

"Ndinawawongolera."

"Cha kuti?"

"Cha kuno," anatero a Malizani, akuloza pachifuwa pawo, kenako n'kutsitsa dzanja msanga.

A Shaibu anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa njira ya kumudzi kumene amakudziwa kale. Anakumbutsa mnzawoyo kuti Lachiwiri, pakhonde pomwepo, anawauza zinthu zitatu, ndipo a Malizani anayankha katatu kuti amva. A Malizani anati akukumbukira kuti panakambidwa zambiri, koma tsiku limenelo kunkadutsa thirakitala.

"Choyamba ndinati mudikire mame aume."

"Ndinadikira."

"Mpaka nthawi yanji?"

"Mpaka ndinatopa."

"Chachiwiri ndinati muvale jombo."

"Ndinavala za kuphazi."

"Jombo?"

"Zamphira, ngati jombo."

"Patapata."

"Patapata ndi mphira, jombo ndi mphira. Kusiyana kwake ndi kutalika basi."

A Shaibu anaiganizira mfundoyo mwaulemu, chifukwa sakonda kukana chinthu asanachiyeze. Kenako anavomera kuti n'zoona, kusiyana kwake ndi kutalika, ndipo kutalikako n'kumene kumaphimba chala. Chachitatu, anati, chinali chakuti pamtsetse asamakokere makina kwa iwo. Koma chimenecho achikamba kale.

A Malizani anaona kuti nkhani ikulowera kosayenera. Anasintha mawu. Anakamba za ubwenzi wawo, za mmene ankabisirana mbatata yootcha m'matumba a yunifolomu, za mmene iwo anapitira kumaliro a bambo ake a mnzawoyo n'kukhala kunja kwa mzikiti tsiku lonse padzuwa. Anati sakufuna chinthu chachikulu. Akungofuna mawu ochepa pamaso pa komiti, akuti makinawa nthawi zina amachita zawo. Kenako awabwerekenso, chifukwa theka la bwalo lidakali ndi udzu, ndipo Loweruka ndi mkuja.

"Makinawa ndi owonongeka?" anafunsa a Shaibu.

"Kwambiri."

"Ndiye sindingakubwerekeni. Angakuduleninso."

"Sanawonongeke moti n'kulephera kutchetcha."

"Ndiye ndi abwino."

"Ndi abwino pa udzu. Pa anthu ndi oipa."

"Amasiyanitsa bwanji?"

"N'zimene ndikudandaulazo. Sasiyanitsa."

"Ndiye wosiyanitsa ayenera kukhala woyendetsa."

"Woyendetsa analipo."

"Anali ndani?"

A Malizani anayang'ana tsidya la msewu, kumene mayi wina ankayala manachesi pa thumba. A Shaibu anadikira yankho kwa nthawi ndithu, chifukwa anali atafunsa moona mtima. Ataona kuti silikubwera, anadzuka n'kunena kuti akumbukira, pali katundu wa a Malizani amene ayenera kuwabwezera.

Analowa kuseri kwa golosale n'kutulukira akukankha makina aja. A Stelia ndi amene anawabweza dzulo lake pa wilibala. A Malizani atangowaona anakokera phazi labwinolo pansi pa benchi.

Pa chogwirira cha makinawo pali kachitsulo kamene woyendetsa amafinya akamatchetcha. Akangokasiya, injini imazima, mpeni n'kuima. Kachitsuloko kanali katamangidwa ku chogwirira ndi mphira yakuda ya chubu cha njinga, yozunguliza kasanu, mfundo yake yolimba bwino.

"Ndinakubwerekani opanda mphira, abwera ndi mphira," anatero a Shaibu. "Sindinamasule, chifukwa si yanga."

"Si yanganso."

"Ya ndani?"

"Mwina ndi mmene analili."

"Sanali choncho. Ndimawapukuta Lachisanu lililonse."

"Mwina inakodwa m'udzu."

"N'kudzimanga mfundo?"

"Mphira za masiku ano."

A Shaibu anagwada n'kuiyang'anitsitsa mfundoyo. Anafotokoza, osakweza mawu, kuti amene anamanga mphirayi anachotsa chinthu chokhacho chimene chikanapulumutsa chala. Munthu akaterereka amasiya chogwirira, injini n'kuzima. Koma apa ngakhale munthu atasiya, mpeni umangozungulirabe. Anati mphira siyenda yokha, ndiye ngati a Malizani sanamange, alipo amene anamanga.

A Malizani anaona khomo lotulukira ndipo analowamo osayang'ana kumene likupita. Anati n'zimene iwonso akhala akuganiza. Dziko laipa. Anthu ansanje ndi ambiri, makamaka munthu ukamakwatitsa mwana kwa mnyamata wa ntchito yake. Mwina wina anabwera mwakachetechete.

"Munawasiya okha makinawa?"

"Pang'ono. Ndinapita kukataya madzi."

"Pabwalo panali anthu angati?"

"Ine."

"Ndi?"

"Ndi Nathan. Ankakumba mayenje a mitengo ya chisakasa."

"Nathan mkamwini?"

"Yemweyo."

"Panalibenso wina?"

"Panalibe."

A Shaibu anadzuka pang'onopang'ono, akusasa fumbi m'mawondo. Nkhope yawo, imene anati ilipo imodzi yokha, inasintha ndithu.

"Ndiye ndi Nathan."

"Sindinatero."

"Mwati panali anthu awiri. Mmodzi sanamange. Watsala mmodzi."

"Mwina wina anadutsa."

"Mwati panalibenso wina."

"Amene ndinamuona."

"Nathan akanamuona. Ngati anamuona n'kukhala chete, ali limodzi."

A Malizani anayesa kuseka, koma kusekako kunatuluka ngati chifuwa. Anati a Shaibu asathamange, Nathan ndi mwana wabwino, mphunzitsi wa sukulu, samwa, sasuta. A Shaibu anavomera kuti iwonso ankamuona choncho, n'chifukwa chake nkhaniyi yawaopsa. Anafunsa ngati panali kusamvana kulikonse pakati pa mpongozi ndi mkamwini. A Malizani anati ayi, kupatula kankhani kakang'ono ka sabata yatha: Nathan ankafuna kuti paukwati pakhale zokuzira mawu ndi nyimbo zovina, iwo anati kwaya yokha ikwana, ndipo mnyamatayo anachoka nkhope itagwa.

"Ndiye chifukwa chilipo," anatero a Shaibu.

"Munthu angadule mpongozi wake chala chifukwa cha nyimbo?"

"Ine sindikanaganiza. Koma mphira ndi iyi."

Anakhalanso pa benchi, manja ali m'mawondo. Anayankhula motsitsa, ndipo a Malizani anazindikira kuti munthuyu sakuseka ngakhale pang'ono. Anati Atikonda ndi mwana wawonso. Anamuona akukwawa pakhonde lomweli, akudya masiwiti amene mayi ake anamuletsa. Ali ndi zaka zisanu, atadwala malungo bambo ake ali ku Mwanza, ndi iwo amene anamunyamula pa njinga mpaka kuchipatala. Sangakhale chete mwana ameneyo akulowa m'nyumba ya munthu wotchera akuluakulu misampha. Lero ndi chala cha bambo, mawa chidzakhala chiyani? Ukwati uyambe waima, nkhaniyi ifufuzidwe.

Anatulutsa foni m'thumba la malaya.

"Mukuimbira ndani?"

"A Laimoni. Si ndiwo ankhoswe?"

A Laimoni ndi mlongo wawo wa a Stelia, malume ake a Atikonda, munthu amene nkhani ikamufika m'mawa, masana imakhala ili ku Matandani. A Malizani anatambasula dzanja kuti agwire foni, koma mwendo unali pa kreti, ndipo a Shaibu anali atadzuka kale kupita pangodya ya khonde, pamene netiweki imagwira.

"Taimani kaye, achimwene."

"Ndaima."

"Ndikunena foniyo."

"Foni ili m'manja."

"Musaimbe."

"Chifukwa?"

"Nkhani za m'banja sizifuna phuma."

"Ukwati ndi mkuja. Phuma lilipo kale."

A Malizani anapempha kuti nkhaniyi aisiye m'manja mwawo, akamufunsa okha mnyamatayo mwakachetechete. A Shaibu anakana, anati munthu wa phazi limodzi sangakafunse yekha munthu woopsa chotero. A Malizani anati amukhululukira kale. A Shaibu anati kukhululuka ndi kwabwino, koma chala chinali cha a Malizani pamene moyo ndi wa Atikonda, ndipo bambo sangakhululukire zimene sizinachitike. A Malizani anati mwina mwanayo ankafuna kuthandiza. A Shaibu anati ngati kuthandiza kwake n'kotere, kuli bwino akathandize banja lina. Akuyankhula choncho chala chawo chinali chikutsika pa mayina a mufoni, ndipo anali atafika kale pa L.

Apa m'pamene a Malizani anakumbukira zimene anakhala akuzikankhira kutali kuyambira dzulo. Atagwa pamtsetse paja, makina akulirabe pambali pawo, amene anathamanga ndi Nathan. Ndi iye anawakokera kutali makinawo n'kuwazimitsa. Anavula malaya ake oyera n'kuwang'amba kuti amange phazi. Anawabereka kumsana, munthu wamkulu wolemera ngati iwo, kuchokera kutchalitchi mpaka pamsewu, akungoti limbani mtima bambo, tafika. Kuchipatala anakhala panja wopanda malaya mpaka kusoka kunatha. Ndipo mphira ija anaiona, sakanalephera kuiona, koma sanauze munthu.

Foni inayamba kuitana. Inkamveka khonde lonse, chifukwa foni ya a Shaibu inagwera m'madzi chaka chatha ndipo imangoyankhula mokweza.

"Halo, a Shaibu," anatero mawu a a Laimoni.

"Mphirayo ndi yanga," anatero a Malizani.

A Shaibu anatembenuka, foni ili m'mwamba kuti netiweki isathawe.

"Yanu, koma anamanga ndi Nathan?"

"Ndinamanga ndine."

"Anakutumani ndi Nathan?"

"Sanandituma munthu."

"Anakugwirirani pomanga?"

"Anali kumayenje. Musiyeni mwanayo."

"Nanga munthu wansanje uja?"

"Kulibe."

"Wapita kuti?"

"Sanabwere n'komwe."

Atayamba, zotsalazo zinatuluka zokha. A Malizani ananena kuti kachitsulo kaja kankawatopetsa dzanja. Akati akande pamphuno, injini yazima. Akati ayankhe foni, injini yazima. Ndipo kukoka chingwe cholizira kunkawapweteka phewa. Ndiye anamasula mphira pa kaliyala ya njinga yawo n'kumanga, ndipo anadziona ngati munthu wanzeru kuposa amene anapanga makinawo. Mame anali asanaume. Jombo anazisiya kunyumba chifukwa zimatentha. Pamtsetse anakokera makina kwa iwo, patapata inaterereka, phazi linalowa pansi. Manja anasiya, koma mpeni sunamve.

Kenako foni inatsokomola.

"Alamu," anatero a Laimoni, "zimenezo achemwali anatiuza dzulo. Komiti yonse ikudziwa. Timangodikira kuti munene nokha. Kodi a Shaibu, mumafuna chiyani?"

A Shaibu anayankha kuti ankafuna kuimitsa ukwati, koma tsopano sakufunanso. A Laimoni anati chabwino, n'kudula.

A Malizani anakhala akuyang'ana bandeji yawo. Ankayembekezera kuti mnzawoyo awaseka, kapena awakumbutsanso zinthu zitatu zija chimodzichimodzi. Koma a Shaibu anangobweza foni m'thumba, n'kugwada pa makina, n'kuyamba kumasula mfundo. Inawavuta, anachita kugwiritsa mano. Ataimasula anaikulunga bwinobwino n'kuipereka ndi manja awiri.

"Katundu wanu."

A Malizani analandira. Anafunsa, ndi mawu aang'ono, ngati makinawo angawatengebe. A Shaibu anati ayi, chifukwa phazi limenelo silingalowe mu jombo, ndipo wopanda jombo sagwira makina awo. A Malizani anati ndiye atume Nathan. A Shaibu anati Nathan wanyamula zokwanira sabata ino. Bwalo akatchetcha okha. Dzuwa lakwera, mame auma, pofika nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, akhala atamaliza. A Malizani akakhale pampando pansi pa mtengo, patali, ndipo asakawongolere chilichonse.

Anaitana a Hadija kuti adzakhale pagolosale, n'kulowa mkati kukatenga jombo. Anabwera nazo pakhonde, anakhala pa benchi, n'kuyamba kuvula nsapato. Yakumanja inavuka bwino. Yakumanzere inatuluka pamodzi ndi sokosi.

A Malizani anayang'ana, n'kuyang'ananso. Phazilo linali ndi zala zitatu. Pamene panayenera kukhala ziwiri zakumapeto panali chipsera chakale, chosalala. Anazindikira kuti chibwerere mnzawoyo ku Joni, kumene anagwira ntchito ya m'maluwa zaka zambiri, sanamuonepo wopanda nsapato. Kumene amavula ndi kumzikiti, ndipo kumeneko iwo amathera panja.

A Shaibu anatola sokosi n'kuikutumula mosafulumira.

"Achimwene," anatero a Malizani, "zinazo zili kuti?"

"Ku Joni."

"Chinachitika n'chiyani?"

"Makina."

"Ati?"

A Shaibu analoza ndi chibwano makina amene anali patsogolo pawo. Anati bwana wawo atawona magazi sanafunenso kuona makinawo pakhomo pake, ndiye anawauza kuti awatenge.

A Malizani anatsitsa mwendo pa kreti n'kukhala tsonga. Kwa nthawi yoyamba chichokere kuchipatala, phazi linasiya kuwawa.

"Munavala jombo?"

"Kunkatentha."

"Mame anali atauma?"

"Bwana ankafulumira."

"Ndiye inunso munalakwa ngati ine."

A Shaibu anavala sokosi, analowetsa phazi mu jombo, n'kuponda pansi kawiri kuti likhazikike.

"Ayi," anatero. "Ine anachita kunditsatira."